Dipuloma m'cikwama, tikiti ya ku Petauke m'manja: kodi nchito iliko?

Nthawi ni 06:30. Minibasi yathu yaima pa mzere wa magalimoto pakati pa Chelstone ndi Munali, ndipo kondakita akufunsa amene ali ndi ndalama zing'onozing'ono kuti abweze cenji. Pambali panga pakhala mnyamata wa shati yosita bwino, envulopu ya khaki ili pamiyendo. Inu okwera basi za m'mawa mumaidziwa envulopu imeneyi. Mumakhala CV, fotokope ya NRC, satifiketi ya Giredi 12 ndi dipuloma. Ena a ife tinayenda nayo mpaka inang'ambika m'makona.

Mnzanga wina wa ku koleji wayenda nayo zaka ziwiri. Anaphunzira za makompyuta, ndipo poyembekezera nchito yokhazikika wakhala akugwira maganyu a zamalonda: lero ali mu supamaketi kulawitsa anthu zakumwa zatsopano, mawa akuyendetsera mayi wa salaula peji ya pa Facebook. Manje mkazi wake, amene ni nesi, boma lamutumiza ku Petauke. Ali ndi mwana wa zaka zitatu. Funso limene likumusowetsa tulo ni ili: atsale mu Lusaka kupitiriza kusakila, banja likhale pawiri, kapena alonge katundu apite onse? Nanga munthu wa IT ndi marketing akadya ciani ku Petauke?

Si iye yekha amene akudzifunsa tero. Lendi mu Lusaka sikutsika, ndipo ya basi imadya malipiro mwezi usanafike pakati. M'maiko ena acinyamata otopa ndi mzinda amathawira m'matauni ang'onoang'ono a m'mbali mwa nyanja. Ife athu ni maboma a m'mbali mwa msewu. Conco ndinakwera basi pa Intercity kuti ndikaone awiri mwa maboma amenewa.

Mukapitirira Chongwe ndi Rufunsa, n'kutsika mapiri a Manenekela, mumawoloka mlatho wa Luangwa mutayenda makilomita pafupifupi 230. Nyimba ili pa makilomita pafupifupi 330 kucokera ku Lusaka, ndipo simufunika cikwangwani kuti muidziwe: nthoci zimakulandirani pa windo basi isanaime bwino. Petauke ili pa makilomita pafupifupi 400, ndipo kuti mufike pa boma mumapatuka pang'ono kucoka mu msewu waukulu. Chipata, likulu la cigawo ca Kum'mawa, ikali kutsogolo ndi makilomita oposa 150. Mtunda umenewu muusunge m'mutu. Akakuitanani ku intavyu ku Lusaka, ni tsiku limodzi kupita, lina kubwerera, kuwonjezapo pogona.

Nchito za payslip

Tiyambe ndi coona cowawa. Ku Nyimba ndi ku Petauke simudzapeza kampani yolemba mapulogalamu a kompyuta imene ikudikira CV yanu, ndipo malo ngati BongoHive, kumene acinyamata a zaukadaulo amakumana mu Lusaka, musayembekezere kuwapeza pa ngodya iliyonse. Nchito za IT zolipira pa mwezi zimapezeka m'malo owerengeka: ku khonsolo, m'zipatala, m'masukulu, m'mabanki ndi m'mabungwe amene si a boma. Ofesi imodzi kawirikawiri imafuna munthu mmodzi cabe, ndipo akalowa sacoka msanga.

Cinanso, amene amalemba anthu nchito zimenezi nthawi zambiri sali pa boma pomwepo. Banki ya ku Petauke ikafuna wokonza netiweki, nkhani imagamulidwa ku likulu lake ku Lusaka, kapena amatumiza munthu kucokera ku Chipata kuti akonze n'kubwerera tsiku lomwelo. Ndiye kuti kuyenda ofesi ndi ofesi ndi envulopu, monga timacitira mu Cairo Road, kumeneko kumatha tsiku limodzi cabe, maofesi onse mwawamaliza.

Koma mipata imatseguka nthawi zina, ndipo wokhala komweko ndiye amayamba kuimva. Zipatala zambiri za boma zimasunga mbiri ya odwala pa kompyuta kudzera mu SmartCare, ndipo pamafunika anthu olowetsa manambala ndi osamalira makina. Petauke ili ndi cipatala cacikulu ca Kalindawalo, ca mishoni ca Minga, ndi makiliniki ambiri kumidzi. Kalembera wa anthu wa 2022 anacitika ndi matabuleti, ndipo owerenga anthu anatengedwa m'maboma mwawo. Bungwe la Petauke District Land Alliance, ndi thandizo la USAID, linagwiritsa nchito mafoni ndi mapu a pa kompyuta polemba malire a minda ya anthu m'dera la Mfumu Sandwe. Zonsezi ni nchito za IT, olo kuti palibe ofesi ya magalasi.

Vuto lake, zambiri mwa izi ni za kontilakiti. Pamene boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja kuciyambi kwa 2025, anthu ambiri a m'mabungwe a zaumoyo m'dziko muno anakhala pansi mwadzidzidzi. Nchito ya polojekiti ni yabwino kuilandira, koma musamangirepo nyumba.

Ngati mumaganiza zophunzitsa makompyuta pa sukulu, dziwani kuti dipuloma ya IT payokha sikwanira. Pamafunika pepala la uphunzitsi ndi kulembetsa ku Teaching Council of Zambia.

Marketing ya kumeneko imayenda pa njinga yamoto

Kwa a zamalonda, mpata ni waukulupo, koma nchito yake si imene munaiona m'mabuku. Cuma ca Petauke ndi Nyimba cili m'munda: cimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa, thonje. Amene amafuna wogulitsa ni makampani a mbewu ndi feteleza, a masola olipira pang'onopang'ono pa foni, a netiweki ngati Airtel, MTN ndi Zamtel, ndiponso mabungwe obwereketsa ndalama. COMACO, imene imagula mbewu ndi uci kwa alimi n'kugulitsa pansi pa dzina la It's Wild!, nayo imagwira nchito ndi alimi a ku Nyimba.

Wogulitsa mbewu sakhala pa desiki. Amabzala munda wacitsanzo m'mbali mwa msewu, amaitana alimi pa tsiku loonetsa mbewu, amazungulira mashopu a ma agro-dealer kuona ngati katundu akuyenda. Pa nchito imeneyi laisensi ya njinga yamoto ingakutsegulireni citseko cimene digiri yalephera. Ndipo funsitsani za malipiro musanasaine, cifukwa zambiri ni za komishoni: mukagulitsa mwadya, mukapanda kugulitsa mwagona nayo.

Uthenga kumeneko umayenda m'njira zake. Wailesi ikali mfumu. Petauke ili ndi PASME ndi Explorers, Nyimba ili ndi Valley FM, ndipo mlimi amamvera ali pakhonde madzulo. Pambuyo pa wailesi pali magulu a WhatsApp, zilengezo za ku chalichi, misonkhano ya makopaletivu ndi mawu a nyakwawa. Munthu wodziwa kulemba cilengezo ca masekondi 30 cimene agogo angacimve kamodzi n'kucigwira ali ndi luso logulitsika kuposa wodziwa kukongoletsa zithunzi za pa Instagram.

Apa ndi pamene cilankhulo cimalowa. Ili ni dziko la Ansenga. Nyanja yathu ya mu tauni adzaimva, koma wogulitsa amene amayamba ndi "Muli tyani?" n'kudikira yankho amafika patali kuposa wothamangira kuchula mtengo. Ndipo simungasonkhanitse anthu m'mudzi musanapite kaye kwa anyakwawa. Mwambo wa Tuwimba wa Mfumu Yaikulu Kalindawalo umasonkhanitsa khamu la anthu, ndipo wamalonda wanzeru amaudziwa pa kalendala yake.

Nchito imene palibe amene adzailengeza

Cimene ndinabwera naco pa ulendowu ni ici: malo olengezedwa m'nyuzipepala ni ocepa, koma zinthu zofuna munthu wodziwa kompyuta n'zambiri. Boma likusamutsira zinthu zake pa intaneti mofulumira kuposa mmene anthu akuphunzirira.

Taonani CDF. Ndalama za citukuko ca m'madera a aphungu zinali K1.6 miliyoni pa caka, koma mu 2022 zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 zinali K36.1 miliyoni. Mbali ina ya ndalamazi imapita ku magulu a amayi ndi acinyamata monga thandizo kapena ngongole. Kuti gulu lipemphe, liyenera kukhala lolembetsedwa, likhale ndi akaunti ku banki, ndipo lilembe bwino zimene likufuna kucita ndi bajeti yake, n'kupereka kudzera ku komiti ya citukuko ya mu wadi. Kontilakita wamng'ono wofuna kumanga kalasi afunika mapepala a PACRA ndi TPIN ya ZRA. Ndani akuwathandiza onsewa kutaipa, kusikana ndi kutumiza? Cenjezo limodzi: lipiritsani nchito ya manja anu cabe. Mukayamba kulonjeza anthu kuti pempho lawo lidzapambana cifukwa "mumadziwana ndi akuluakulu", mwalowa m'katangale, ndipo m'tauni yaing'ono mbiri yoipa imafika kunyumba inu musanafike.

Taonaninso ma agro-dealer. Pamene feteleza wa FISP akuperekedwa kudzera mu e-voucher, mwini shopu amafunika foni kapena kompyuta yoyenda bwino, netiweki, ndi munthu wodziwa cocita makina akakana pamene alimi afola panja. Onjezani masukulu amene ali ndi makompyuta ofuna kukonzedwa, maloji a m'mbali mwa msewu amene sapezeka pa Google Maps, mabuthi a mobile money, mafoni osweka, ndi masola ofuna wowaika bwino. Palibe mmodzi mwa awa amene angakulipireni malipiro a mwezi. Koma khumi a iwo pamodzi angathe.

Ndiye kuti wa IT wa ku Petauke ayenera kukhala wa zonse. Lero mwaika Windows, mawa mwakwera padenga kumanga sola, mkuca mukuphunzitsa mlembi wa kopaletivu kugwiritsa nchito Excel. Ngati mtima wanu uli pa kulemba mapulogalamu basi, kumeneko mudzakhumudwa.

Ndalama ili ndi nyengo yake

Ici ndiye cimagwetsa ambiri ocokera mu tauni. Mu Lusaka ndalama imazungulira pa mapeto a mwezi uliwonse. Kum'mawa imazungulira pa kukolola. Kuyambira ca mu Meyi mpaka Okutobala, alimi akagulitsa mbewu kwa FRA ndi kwa ogula ena, mumaona malata, njinga ndi mafoni atsopano. Okutobala ndi Novembala ni nthawi ya mbewu ndi feteleza. Ikafika Januwale ndi Febuluwale, aliyense amakuuzani kuti adzalipira akakolola. Kupatula aphunzitsi, manesi, apolisi ndi a ku khonsolo, makasitomala anu onse amayang'ana kumwamba.

Ndipo kumwamba kumatha kukana. Cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ni tsoka la dziko pa 29 Febuluwale caka cimeneco, cinawononga cimanga m'madera ambiri, ndipo madzi atacepa ku Kariba malaiti anali kuzima maola oposa 17 pa tsiku. Mlimi akalira, wokonza mafoni nayenso amalira.

Nanga kugwirira nchito pa intaneti muli ku Petauke, makasitomala ali ku Lusaka kapena kunja? N'zotheka. Pa boma netiweki imagwira, ndipo Starlink inayamba kugwira nchito m'Zambia mu Okutobala 2023 kwa amene angakwanitse mtengo wake. Koma mufunika sola kapena batire yodalirika, ndi masimu a makampani awiri kuti ina ikagwa mulumphire pa ina. Cacikulu kwambiri, makasitomala amenewo muwapeze mukali kuno. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Musanagule tikiti

Ngati mwatsimikiza mtima, pitani kaye mukakhaleko sabata imodzi kapena ziwiri, katundu mutasiya. Yendani pa msika, lowani m'mashopu, funsani cimene cimawavuta. Konzani mapepala anu mukali mu Lusaka: a IT lembetsani ku ICTAZ, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2018, a zamalonda ku Zambia Institute of Marketing, ndipo ngati mukufuna kudzilemba nokha nchito, dzina la bizinesi ku PACRA ndi TPIN. Sungani ndalama ya miyezi itatu kapena inayi. Lendi kumeneko ni yotsikirapo, ndiwo n'zochipa, ndipo malo ambiri mumafika ndi miyendo. Koma sipeya ya laputopu idzacokera ku Lusaka pa basi, ndipo mudzaidikira. Ngati n'kotheka, fikani nthawi yokolola, osati ya njala.

Mnzanga uja ndinamufotokozera zonsezi titakhala pa Kulima Tower kudikira basi kuti idzale. Anakhala cete nthawi yaitali. Zimene agwirizana ndi mkazi wake n'zakuti mayi ndi mwana atsogole, iye atsale miyezi itatu. M'miyezi imeneyo akufuna kutenga laisensi ya njinga yamoto, kuphunzira kuika masola kwa msuweni wake, ndi kupangana ndi mayi wa salaula uja pamodzi ndi kasitomala wina kuti azipitiriza kuwayendetsera mapeji awo ali kutali. Akuti adzakwera basi mu Meyi.

Kaya zidzamuyendera, kaya adzabwerera Disembala isanafike, palibe angalonjeze. Envulopu ya khaki akuti adzainyamula ndithu, mwina ku khonsolo kapena ku cipatala kudzatseguka malo. Koma m'cikwama comweco adzaikamo sikuludilaiva, tesita ndi kabuku ka malisiti.