Busa la Mudzi Wonse m'Malo Atsopano ku Zimbabwe

Dziko la Zimbabwe litalandira ufulu m'caka ca 1980, Boma linayamba kugula mapulazi a Azungu ndi kukhazikamo anthu osowa minda. Banja liri lonse linapatsidwa munda wa mahekitala 5, koma busa la ng'ombe linali la mudzi wonse, munthu nalandira kalata ya cilolezo codyetserapo ziweto zace.

Bvuto linabuka pa busapo. Munda uli ndi mwini wace. Nanga waya wa mpanda ukaduka, adzalumikiza ndani? M'malo ambiri mipanda ya mapulazi akale inatha, ng'ombe ziri kudya pali ponse.

Tsono udzu nawonso ufuna kupuma. Ng'ombe zikadya pamodzimodzi dzinja lonse, udzu wabwino subala mbeu, mizu yace ifooka, ndipo mvula ikumba ngalande pa nthaka yoyera. Mankhwala ace ndiwo kugawa busa panai, cigawo cimodzi cipume mvula yonse, mosinthana caka ndi caka. Izi zitheka ngakhale popanda waya, abusa akamvana. Dambo lisungidwire mwezi wa Okutobala.

Mwini ng'ombe 30 sabvomera msanga ai. Cifukwa cace mlandu wotere ukambidwe pa bwalo mvula isanagwe, amene alibe ng'ombe alipo, pakuti iwonso amweta udzu wofolera nyumba pomwepo.