Chigodola cha Nkhumba Sichiyenda Chokha

Nkhumba zikayamba kufa m'midzi ya ku Mchinji, alangizi a ku Chipata ndi a ku Angónia, m'chigawo cha Tete, ayenera kukhala tcheru. Anthu a m'madera atatuwa amagulitsana ziweto, amakwatirana, ndiponso amakumana pamaliro ndi paziliza pamene nkhumba zimaphedwa. Chigodola cha nkhumba chimatsata njira zomwezo. Popeza nthendayi ilibe mankhwala ochiza ndipo katemera wake sanafike kwa alimi a chigawo chino, chida cha mlangizi ndicho kudziwa njira za kachiromboka ndi kuzitseka.

Kusiyana kwa bakiteriya ndi vairasi

Tizirombo toyambitsa matenda tili m'magulu angapo. Mabakiteriya ambiri amatha kudya ndi kuswana paokha, ndipo mankhwala monga oxytetracycline amawagonjetsa. Vairasi ndi kakang'ono koposa, ndipo sikaswana pokhapokha kalowe m'maselo, tizigawo tating'onoting'ono timene timapanga thupi la chamoyo. Chigodola chimayamba ndi vairasi. N'chifukwa chake mlimi wobaya jakisoni wa oxytetracycline nkhumba yodwala chigodola amangotaya ndalama, ndipo akabaya nkhumba ina ndi singano yomweyo amafalitsa nthendayo ndi dzanja lake.

Kumene kachiromboka kamakhala

Nthendayi inafotokozedwa koyamba ndi R. E. Montgomery ku Kenya mu 1921. Kutchire, vairasiyi imakhala mu njiri ndi mu nkhufi zopezeka m'mauna a njirizo, koma njiri sizidwala nayo. Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1980 ku Mchinji anaonetsa kuti nkhufi za m'makola a nkhumba zapakhomo nazonso zimasunga vairasiyi. Nkhufi zimabisala m'ming'alu ya khola, zimayamwa magazi kanthawi kochepa n'kubwerera, ndipo zimatha kukhala nthawi yaitali osadya. Motero khola lakale limatha kupha nkhumba zatsopano pamene mwini wake akuganiza kuti mliri unatha kale.

Masiku obisika

Kuchokera tsiku limene nkhumba yatenga kachiromboka mpaka tsiku limene iyamba kuoneka yodwala, pamapita masiku 4 mpaka 19. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere: nkhumba yooneka yonenepa pamsika ikhoza kukhala itatenga kale nthendayi. Kenaka thupi limatentha kwambiri, nkhumba imasiya kudya, makutu, mimba ndi miyendo zimafiira, ndipo zambiri zimafa pasanathe masiku 10. Vairasi imadzaza m'magazi ndipo imatulukanso m'malovu, m'mkodzo ndi m'ndowe.

Njira yaikulu ndi munthu

Nkhumba zoyenda momwazika zimapatsirana zikamanunkhizana kapena kudya zotsalira za nkhumba yakufa. Koma nkhumba siyenda ulendo wautali. Amene amanyamula nthendayi kuidutsitsa malire ndi munthu. Mlimi akaona nkhumba ziwiri zafa, amapha zotsalazo msanga kuti apulumutseko kangachepe. Nyama imakwezedwa panjinga kupita kumsika, magazi akudontha m'njira. Madzi otsukira nyamayo amathiridwa pabwalo, ndipo nkhumba za wogula zimamwa. Mpeni, nsapato ndi zovala za wopha nkhumba zimanyamulanso vairasi kuchoka khola lina kupita lina.

Chigodola sichigwira munthu, n'chifukwa chake ambiri saopa nyamayo. Komabe vairasiyi ndi yolimba: imakhala miyezi ingapo m'nyama yothira mchere, yofutsa kapena youndana m'firiji. Umboni wake ulipo. Nthendayi inafika ku Portugal mu 1957, ku Georgia mu 2007 ndi ku China mu 2018. Vairasi yopezeka ku Georgia inali ya mtundu wofanana ndi yopezeka ku Mozambique, ku Zambia ndi ku Madagascar.

Ntchito ya mlangizi

Njira iliyonse ili ndi potsekera pake. Nkhumba zikhale m'khola nthawi zonse, ndipo ming'alu ya khola imatidwe. Nkhumba yogula kumene ikhale payokha masiku 30 isanasakanizidwe ndi zinzake. Zotsalira za kukhitchini ziwiritsidwe mphindi 30 zisanaperekedwe kwa nkhumba. Ogula ndi alendo asalowe m'khola. Nkhumba yakufa ikwiriridwe mozama kapena itenthedwe, isagawidwe ngati ndiwo.

Uphungu womalizawu ndi wovuta kuupereka, pakuti nkhumba ndiyo fizi ya mwana ndi feteleza wa chaka chamawa. Mlangizi amene wafotokoza njira za kachiromboka mliri usanafike amamvedwa bwino kusiyana ndi amene wafika ndi chiletso nkhumba zitayamba kale kufa. Ndipo imfa zikangoyamba, uthenga upite tsiku lomwelo kwa dokotala wa ziweto wa boma, komanso kwa alangizi a tsidya lina la malire, nyama isanafike pamsika wawo.