Dzanja silinafe, chavulala ndi ubongo

Amalume anga ali ndi zaka 53. Mpaka mwezi wa Epulo chaka chatha ankasenza okha thumba la feteleza la makilogalamu 50 kuchokera pamsewu mpaka kunyumba, osapumira panjira. M'mawa wina akusanja fodya m'chigafa anangokhala pansi ngati munthu wotopa. Pakamwa panapotoka, dzanja ndi mwendo wa kumanja zinalefuka, mawu anathawa. Mwezi watha ndinawaperekeza kukayezetsa pa chipatala china chaching'ono m'dera la Nsadzo, m'boma la Chifunde, ndipo pamzere womwewo ndinaona anthu ena atatu oyenda mofanana nawo: mwendo ukukwakwaza pansi, dzanja litapindikira pachifuwa ngati phiko la nkhuku. Mwa onsewo panalibe nkhalamba. Anali anthu a msinkhu wolipirira ana sukulu.

Pakhadi la kuchipatala amalemba kuti AVC. Amene anazolowera Chipwitikizi amati trombose, odutsa pa malire a Cassacatiza kupita ku Katete ku Zambia amabwera ndi dzina loti sitiroko, monga amanenera ku Malawi. Kumudzi dzina ndi lina: amumenya hamala.

Hamala imeneyi yandikwana. Akuti mfiti imabwera usiku n'kumenya munthu pamutu kapena pakhosi ndi hamala yosaoneka, ndiye m'mawa munthu amadzuka mbali imodzi itafa. Kwa ife chikhulupiriro chimenechi chinadya masabata asanu, mbuzi ziwiri ndi ndalama ya fodya ya chaka chonse. Amalume anatemedwa mphini kuyambira paphewa mpaka m'zala, mphini zina n'kutukusira. Maula anagwera mayi wina wamasiye amene anakanganapo nawo za malire a dimba, ndipo mpaka lero mayiyo akamapita kumjigo anzake amamupatukira. Masiku onsewo palibe amene anaganiza zomanga lamba wa makina oyezera kuthamanga kwa magazi padzanja lawo. Atawayeza pomaliza, nambala yapamwamba inali itadutsa 200.

Amene amakonda nkhani ya hamala andiuze: Levy Mwanawasa, pulezidenti wa Zambia, anadwala sitiroko mu Juni 2008 ali ku msonkhano wa African Union ku Sharm el-Sheikh, m'dziko la Egypt, atazunguliridwa ndi asilikali, ndipo anamwalira pa 19 Ogasiti chaka chomwecho m'chipatala cha ku France ali ndi zaka 59. Anali atadwalapo kale sitiroko yaing'ono mu 2006. Ndi mfiti ya m'mudzi uti imene inamulondola mpaka kumeneko? Nanga hamalayo imadziwa bwanji kusankha anthu amene magazi awo akhala akuthamanga kwa zaka, n'kusiya ena?

Anthu oterewa m'dziko muno la Mozambique ndi ochuluka zedi. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2005, amene mmodzi mwa omutsogolera anali dokotala wa mtima Albertino Damasceno wa pa yunivesite ya Eduardo Mondlane, anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64, anthu 33 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, limene kuno timati tensão. Mwa odwalawo, odziwa kuti akudwala sanakwane 15 pa 100 aliwonse. Atabwerezanso kafukufukuyo mu 2014 ndi 2015, odwala anakwera kufika pafupifupi 39 pa 100, koma odziwa anali ochepa chimodzimodzi. Ku Maputo, gulu la dokotala yemweyo linatsatira odwala sitiroko 651 m'chaka chimodzi, kuchokera mu 2005 kufika mu 2006. Pafupifupi theka anamwalira asanathe masiku 28, ndipo pafupifupi anayi mwa khumi aliwonse mtsempha unachita kuphulika m'mutu, chinthu chimene chimayendera limodzi ndi tensão yosasamalidwa. Uko n'ku likulu, kumene kuli makina ojambula m'mutu.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti diso limaona dzanja lolendewera, ndiye mankhwala onse amapita padzanja. Dzanjalo lilibe vuto. Mafupa ake ndi athunthu, minofu yake ndi yomwe ija inkagwira khasu dzulo, magazi akuyendamo bwinobwino. Chimene chasowa ndi lamulo. Kuti chala chimodzi chipindike, uthenga umayambira pamwamba pa ubongo, m'kachigawo kooneka ngati lamba kodutsa kuchokera pamwamba pa mutu kutsikira cha kukhutu. M'kachigawo kameneka thupi lonse linagawiridwa malo monga minda ya m'mudzi: mwendo uli ndi pake cha pakati pa mutu, dzanja lili m'munsi mwake, nkhope ndi lilime zili kumunsi kwenikweni. Dzanja ndi pakamwa zinatenga malo aakulu kuposa msana wonse, chifukwa ntchito zake n'zofuna luso, monga kulowetsa ulusi m'singano kapena kusiyanitsa “pa” ndi “pha”. Kuchokera pamenepo timitsempha ta uthenga timasonkhana m'mtolo umodzi wothina, n'kutsika kulowera kukhosi. Pamene ubongo ukulumikizana ndi fupa la msana, timitsempha toposa 8 mwa 10 timawoloka: ta kumanzere timapita kumanja, ta kumanja timapita kumanzere. Choncho munthu amene wafa dzanja lamanja, bala lake lili kumanzere kwa mutu. Ndipo poti mtolo uja ndi wothina, kamtsempha ka magazi kakang'ono ngati ulusi kakatsekeka kapena kuphulika pamenepo, nkhope, dzanja ndi mwendo zimapita nthawi imodzi. N'chifukwa chake zimaoneka ngati munthu wamenyedwa kamodzi kokha ndi chinthu cholemera.

Pamenepa ndi pamenenso pagona nkhani ya mawu. Kwa anthu ambiri malo opangira chilankhulo ali kumanzere kwa ubongo, moyandikana ndi malo a pakamwa ndi dzanja lamanja. Dokotala wa ku Paris, Paul Broca, anaonetsa zimenezi mu 1861 ataunika ubongo wa wodwala amene kwa zaka zambiri ankangotha kunena liwu limodzi lokha, “tan”, chonsecho akumva zonse zimene anthu ankamuuza. Amalume miyezi iwiri yoyamba ankangoti “basi, basi”, kaya akufuna madzi, kaya akukana phala. Anthu ankakambirana za maliro awo iwo ali pamphasa pomwepo, poganiza kuti nzeru zinapita. Ankamva zonse, ndipo anandiuza okha mawu atayamba kubwerera.

Gawo la ubongo limene lafa silidzukanso. Koma magawo oyandikana nalo amatha kuphunzira ntchito ya mnzawo, monga mmene anthu amapondera njira yatsopano m'tchire mlatho ukakokoloka. Njirayo imaoneka pokhapokha ikamapondedwa tsiku ndi tsiku, ndipo ubongo umakhala wokonzeka kwambiri kuphunzira m'miyezi itatu yoyambirira, kenako liwiro limachepa pofika miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale kuti kusintha pang'onopang'ono kumapitirira kwa zaka. Masabata asanu amene tinathera kwa asing'anga anachoka pa miyezi itatu imeneyo. Palibe angawabweze.

Hamala itatha, panabwera mdani wina amene sitinamuzindikire chifukwa anavala nkhope ya chikondi. Akazi awo ankawadyetsa, kuwasambitsa, kuwaveka, kuwatembenuza. Akatambasula dzanja kuti atenge kapu, mwana wathamanga kale kukawapatsira. Dzanja likalephera kawiri katatu, ubongo umaphunzira kulisiya, ndipo lamanzere limalanda ntchito zonse. Katswiri wa ku America, Edward Taub, anathera zaka zambiri pa nkhani imeneyi, mpaka anayambitsa njira yomanga dzanja labwino kwa maola angapo patsiku kuti lodwalalo likakamizike kugwira ntchito. Dzanja losiyidwa limauma: chigongono chimapindika, zala zimafumbata, ndipo pakapita nthawi ngakhale munthu wamphamvu sangaziwongole. Phewa nalo limaguluka mosavuta chifukwa minofu yoligwira yalefuka, ndiye amene amadzutsa wodwala pomukoka dzanja lodwalalo akumuwonjezera ululu wa miyezi.

Koma ndikanama ndikanena kuti chimene chimawapweteka kwambiri amalume ndi phewa. Mwamuna wa zaka 80 akamagwiriziza ndodo, mudzi umati wakula. Wa zaka 53 amakhala pakati: ana sanadziimire, makolo ake akadali moyo ndipo amayang'ana kwa iye. Amalume ndi mwini mbumba kwathu, ndi nkhoswe ya maukwati anayi. Mlandu ukagwa, iwo ndi amene ankaimirira pabwalo kwa amfumu. Lero liwu limodzi amalisaka ngati ndalama yogwera mumchenga, ndipo asanalipeze wina wawamalizira kale chiganizo, nthawi zambiri molakwika. Chaka chino mgwirizano wa fodya ndi kampani unalembedwa m'dzina la mwana wawo wamwamuna, ndipo ndalama itabwera iwo anangouzidwa kuti yabwera.

Ndiye pali nkhani ya chikamwini. Amakhala kumudzi kwa akazi awo, kumene ulemu wa mkamwini umayezedwa ndi nkhokwe imene wadzaza ndi denga limene wafolera. Atangodwala, kunamveka manong'onong'o oti abale ake abwere adzamutenge, akadwalire kwawo. Kwathu nako ena ankati mphamvu zake zinathera kumeneko, amusunge omwewo. Munthu amene anamanga nyumba ya malata ndi manja ake anasanduka katundu wokanirana. Akazi awo ndi amene anadula nkhaniyo, anati, “Bambo a ana anga sapita kulikonse.” Koma mayiwo tsopano amalima okha, amatunga madzi, amadzuka kawiri usiku, ndipo tsiku lija kuchipatala nawonso atayezedwa anapezeka kuti magazi awo akwera.

Chimbudzi ndi chimene sichikambidwa. Chimbudzi chokumba chimafuna munthu wotha kunjuta ndi kudzukanso, ndipo mwendo umodzi sungachite zimenezo. Pamwambo wathu mwana wamkazi saona thupi la bambo ake, mpongozi ndiye sayandikira n'komwe. Akazi awo akapita kumunda, amalume ankadzimana madzi ndi phala m'mawa wonse kuti asafune kupita kuseri. Tinadziwa mochedwa, ataonda. Chimene chinathetsa vutoli si mankhwala: mpando wakale wathabwa wobooledwa pakati, ndi mitengo iwiri yokumbiridwa m'mbali mwa njira yopita kuchimbudzi kuti azigwira. Ntchito ya tsiku limodzi. Tsiku loyamba kupita okha anabwera akulira, ndipo ena anayambanso kunong'ona kuti mizimu yawabwerera.

Kulira kumeneku nakonso kuli ndi mutu wake. Ena sitiroko imawaonongera chotsekera misozi ndi kuseka, moti amalira popanda chowawa. Koma pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse opulumuka sitiroko amadwala matenda enieni a kukhumudwa, ndipo munthu wotero safuna kudzuka, safuna kuyesa, amati kuli bwino ndife. Tikamati “angochita ulesi” kapena “limbani mtima, ndinu mwamuna”, timakhala tikukalipira matenda. Mawu oti kuli bwino ndife akamveka m'nyumba, anamwino ayenera kuuzidwa, ndipo mankhwala ophera tizilombo ta fodya achotsedwe pafupi.

Madokotala a mafizo ku Nsadzo simungawapeze pakhomo. Odwala ambiri amatumizidwa ku Hospital Provincial de Tete, ulendo wa maola ambiri, ndipo ena amawolokera ku chipatala cha St Francis ku Katete. Munthu wosatha kukhala yekha panjinga yamoto sangayende ulendo wotero sabata iliyonse, choncho amene wapita kamodzi aphunzire bwino zimene wamuonetsa dokotala, akazichite kunyumba. Mapiritsi a tensão samwedwa ngati a malungo oti amamwedwa masiku ochepa n'kutha. Amalume ena a m'mudzi woyandikana nafe anasiya ataona kuti mutu wasiya kupweteka, sitiroko yachiwiri inawatenga. Mchere uchepe, pamodzi ndi kaldo wokometsera ndiwo ndi nsomba yamchere ya chicoa yosaviika, pakuti bungwe la WHO limati munthu asapyole magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi. Wotsamwa pomeza adye atakhala tsonga, chifukwa phala likalowera kumapapo limabweretsa chibayo. Za thandizo la boma kwa olumala, kafunseni ku ofesi ya boma ya INAS.

Madzulo a tsiku limene tinachokera kuchipatala, amalume anakhala pakhonde ndi lichero la chimanga. Anachigwira chitsononkho ndi dzanja lamanzere, n'kuika chala chachikulu cha kumanja pa njere. Chala chinaterereka. Anayesanso. Ine ndinasendera pafupi kuti ndiwalandire.

“Iwe mphwanga,” anatero, liwu lililonse likubwera palokha, “khala... uko.”

“Pepani amalume.”

Ndinabwerera pa mpando wanga. Pamene akazi awo ankaitana kuti nsima yapsa, mulichero munali njere zosadzaza chikhatho, ndipo iwo anati tiyambe kudya, amalize kaye mzere umene anauyamba.