Waya, Dongo ndi Pensulo: Muyeso wa Nzeru za Mwana

Iwo amene amapanga makina otsanzira maganizo a munthu, makompyuta oyankha mafunso ngati kuti ali ndi mtima, ayenera poyamba kumvana za chimene nzeruzo zili. Ndipo funso limeneli linasinkhidwa kale muno mu Lusaka, pa University of Zambia, ndi Robert Serpell, amene pambuyo pake anatsogolera sukuluyo kuyambira 2003 kufikira 2006.

Mu 1979 iye anafalitsa zimene anapeza atapatsa ana a mu Lusaka ndi a ku Manchester ntchito yotengera zifaniziro zimodzimodzi. Pojambula ndi pensulo papepala, a ku Manchester anapambana. Koma popinda waya, luso lija mwana wa ku Kabwata amalidziwa pokhota chiwongolero chachitali cha galimoto yake, zitsekerero za mabotolo zili mawilo, athu ndiwo anatsogola. Pa dongo onse anafanana. Taonani, muyeso ndiwo unali wokondera! M'menemo munabadwa mayeso otchedwa Panga Munthu, momwe mwana amaumba munthu ndi dongo.

Chimene ine ndichiyesa chozama koposa Serpell anachimva ku Katete, kumene akuluakulu a Achewa, posankha mwana womutuma pa ntchito yovuta, sanayang'ane kuchenjera kokha, koma kukhulupirika ndi mtima wotumikira anzake, pakuti mutu umodzi susenza denga. Makina a lero amaphunzira kuchokera m'zolembedwa, zambiri za m'Chingerezi, pamene zimene akuluakuluwo amadziwa zambiri sizinalembedwebe.