Cigumukire ca Cipale Cofewa ku Switzerland

Ife kuno timaopa Napolo mvula ikacuruka m'mapiri. Anzathu a ku Switzerland, amene ena a iwo ndi alimi oweta ng'ombe m'zigwa za mapiri a Alps, ali ndi mdani wao wofanana naye. Kumeneko m'nyengo ya cisanu mumagwa cipale cofewa, coyera ngati ufa, ndipo cimakhala pansi miyezi yambiri osasungunuka. Cikalemera cimagumuka, nicitsika phiri ndi liwiro loposa galimoto.

M'mwezi wa Januwale caka ca 1951 cinaononga koopsya. Pa mudzi wa Vals pokha panafa anthu 19, ndipo m'dziko lonselo anafa 98 nyengo imeneyo. Nyumba, makola ndi ng'ombe zambiri zinakwiririka.

Nanga adziwa bwanji kuti phiri lifuna kugumuka? Cipale sicigwa tsiku limodzi ai. Cimasanjikizana ngati mphasa zoyalidwa ina pamwamba pa inzace. Tsono munthu wofuna kukwera phiri amakumba dzenje ndi fosholo kuti aone misanjo yonseyo, nailasa ndi nkhonya, ndi cala, kuti amve youma ndi yofewa. Cimene aopa kwambiri ndi msanjo wosagwirana, wonga suga, wobisika pansi pa msanjo wouma. Pamenepo ndi monga kuponda nandolo womwazika pa simenti: munthu mmodzi yekha akapondapo, capamwamba conse cimaterereka nthawi imodzi. Dzenje limodzi silikwanira, pakuti pamtunda pang'ono misanjo ikhoza kukhala ina.

Amayang'ananso kutsetsereka kwa malo. Pomwe pafika madigiri 30 kapena kuposa, monga tsindwi la nyumba ya udzu, mpamene pagumuka kawirikawiri. Mphepo nayo imakokolola cipale mbali ina ya phiri niikaunjika ku mbali yobisika. Woyenda akamva pansi kulira kuti "fuu", kapena akaona ming'alu ikuthamanga kucokera pa mapazi ace, ngati ali wanzeru amabwerera pomwepo.

Pa phiri la Weissfluhjoch, pamwamba pa mzinda wa Davos, anthu ophunzira anayamba kupima cipale m'caka ca 1936, ndipo kuyambira 1945 amalengeza macenjezo kwa anthu onse. Ciyambire 1993 maiko a ku Ulaya anagwirizana kuwerenga ngozi ndi manambala 1 mpaka 5. Codabwitsa ncakuti ambiri amafa pa nambala 3, osati pa 5. Pa 5 aliyense amakhala m'nyumba, koma pa 3 munthu amayesa kuti palibe kanthu.

Wokwiririka akafukulidwa pasanathe mphindi 15 kawirikawiri amapezeka wamoyo. Zikapitirira, mpweya umamthera. Ncifukwa cace sayenda okha, ndipo pa malo oopsya amaoloka mmodzi-mmodzi, anzace ali cipenyere ndi mafosholo.

Makolo ao anali ndi nzeru ina. Ku Andermatt anaika lamulo m'caka ca 1397 loletsa kudula mitengo m'nkhalango ya pamwamba pa mudzi, pakuti mitengo imagwira cipale kuti cisayambe kuterereka. Nkhalangoyo ikalipo kufikira lero, ndipo nyumba zili pansi pace.