Mota yanga yayambanso kupuma

Lachiwiri lapitali ndinafika ku Entre Lagos dzuwa lisanayambe kuswa mtengo, madengu awiri a matemba ali kumbuyo. Amayi amene timayalira limodzi nsomba anayang'ana mota, anayang'ana ine, kenako anayang'ananso mota.

"Mwagula ina, anzanga?"

Ayi ndithu, ndi yomwe ija! Yomwe ija imene mu Seputembala inkapitiriridwa ndi anyamata a njinga zakapalasa atanyamula matumba a nandolo, iwo n'kumandibayibitsa.

Ndinaigula ku Cuamba mu Juni, yogwirapo kale ntchito. Ndi sikuta ya ku China, ya injini ya 150cc, yopanda magiya opondaponda: ungopotoza chogwirira cha kudzanja lamanja basi, yanyamuka. Ndinaikonda chifukwa cha malo ake oponda mapazi. Mzimayi umakhalapo bwinobwino ndi chitenje chako, miyendo pamodzi, kathumba ka ndalama pakati pa mapazi. Ntchito yanga ndi yokapikula nsomba kugombe la nyanja ya Chiuta n'kudzagulitsa pamsika wa Insaca ndi kumalire, ndipo milungu yoyambirira ija ndinkachita kuimba nyimbo m'njira.

Chilimwe chitakhwima, mota inayamba kufooka. M'mawa inkalira bwinobwino ukaitchaya, koma ndikati ndiwonjezere moto, inkachita befu ngati nkhalamba yokwera phiri, utsi wakuda uli tolo kumbuyo. Botolo la petulo limene linkandifikitsa kunyanja linayamba kuthera m'njira. Tsiku lina pakamtunda kakang'ono ka mchenga ndinatsika n'kuikankha, thukuta lili kamukamu, nsomba zikundidikira kugombe mpaka anzanga anasankha zabwino zonse. Madzulo ake ndinakhala pakhonde osalankhula ndi munthu. Ndalama ya mota imeneyi inali ya zaka ziwiri za kudzimana.

Alangizi sanasowe. Wina anati injini yatha, pakufunika pisitoni yatsopano. Wina anati ndiigulitse msanga isanafe. Wina anati masikuta si a misewu yathu ino. Amene sananene kanthu ndi alamu anga, mng'ono wawo wa abambo akunyumba, amene amakonza njinga zamoto pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Iwo anangoti, "Alamu, bwerani nayo mawa m'mawa, injini isanatenthe. Tiyambe ndi zotchipa."

Choyamba anakankha kiki ndi dzanja, pang'onopang'ono, akumvetsera. Inalimba, kenako inadutsa. "Injini iyi ili moyo," anatero, ndipo mtima wanga unayamba kutsika. Kenako anamasula pulagi, imene amakaniko akuno amaitchula kuti vela, n'kundiika m'manja. Kunsonga kwake kunali bii, mwaye wouma ngati wa kunsi kwa mphika. Anandifotokozera kuti pulagi imaulula za m'mimba mwa injini. Ikakhala yonyowa ndi oyilo, ndiye kuti maring'i a pisitoni akudontha, ndipo pamenepo ndalama ziwonongeka. Ikakhala yofiirira ngati thobwa, zonse zili bwino. Koma mwaye wouma umatanthauza kuti petulo akuchuluka, mpweya ukuchepa.

"Mota yanu sikudwala, alamu. Ikubanika."

Anamasula kabokosi kakuda kamene kali kumanzere, pamwamba pang'ono pa tayala lakumbuyo, n'kusolola sefa ya mpweya. Mayo ine! Sinkaonekanso kuti ndi pepala. Fumbi la katondo linali litadzaza mipindiro yonse n'kuuma ngati chikhakha cha nsima yagona. Ataigogoda pathabwa, panatsala kamulu koti mwana akhoza kuumbira kang'ombe. Ndiye taganizani: kuti injini iwotche bwino kilogalamu imodzi ya petulo, imafuna mpweya wolemera pafupifupi makilogalamu 15. Yanga inkakoka mpweya wonsewo kudzera m'chidina cha dothi. Ndipo pa sikuta kabokosi aka kali pansi, pomwe tayala limavundulira fumbi, ndiye mwezi umodzi wa chilimwe cha ku Mecanhelas umakwana kuitseka pakamwa.

Ndinafunsa ngati sitingangoichotsa sefayo, monga ndaonera anyamata ena a kabaza akuchitira. Alamu anachita kuimika sipanala m'mwamba. Anati mota imathamangadi masiku oyamba, koma fumbi lija limalowa n'kumapala silinda ngati mchenga wotsukira mapoto, ndipo mvula isanagwe umakhala ukugula pisitoni imene unkaithawa ija. Ndikugwirizana nawo kwathunthu, ndipo ndimamva chisoni ndikamva njinga ikulira mokhadzula pamsika, chifukwa ndimadziwa tsopano chimene chachotsedwa.

Kabyuleta sinatenge nthawi. Atamasula kambale kake ka pansi, munali timadontho ta madzi ndi timchenga, zimene zimabwera mosavuta petulo akamadutsa m'zigubu ndi m'mabotolo asanafike m'thanki. Kabowo kodutsa petulo anakapemerera ndi pampu ya njinga, osati kukatokosa ndi waya, poti chitsulo chake n'chofewa ndipo bowo likakula mota imamwa mafuta mpaka kalekale. Anaika sefa yatsopano ndi pulagi yatsopano, mpata wa kunsonga kwake 0.7 mm.

Nditaitchaya, utsi wakuda uja kunalibe. Kulira kwake kunali kosalala ngati makina osokera. Ndinazungulira msika ndikumwetulira, koma nditalowa mumsewu waukulu kumwetulira kunachepa. Injini inkakuwa ndithu, mphamvu ikumveka m'matako, koma liwiro losaoneka.

"Mavuto anali awiri," anatero alamu nditabwerera. "Loyamba limabisa linzake."

Apa ndiye pamene ndinaona zodabwitsa. Anatsegula chivindikiro chachitali cha kumanzere, ndipo munatuluka fumbi lakuda ngati la makala. M'katimo muli lamba wa mphira amene amazungulira pa mapule awiri, lina la kuinjini, lina la kutayala. Pule lililonse lili ngati mbale ziwiri zoyang'anizana, lamba ali pakati. Kuseri kwa pule lakutsogolo kuli timagudumu 6 tolemera, tating'ono ngati chala chachikulu. Injini ikathamanga, timagudumuti timaponyedwa kunja, timakankha mbale imodzi kuti iyandikire inzake, ndipo lamba amafinyidwa n'kukwera m'mphepete. Kukwera kumeneko ndiye magiya a sikuta. Palibe amene amasintha, zimadzichitikira zokha.

Lamba wa mota ngati yanga akakhala watsopano amakhala 20 mm m'lifupi. Wanga anali atadyeka m'mbali mpaka kuwonda, ming'alu ili mbwee m'kati mwake. Lamba wowonda sangakwere mpaka m'mphepete ngakhale mbale zitakumana, ndiye mota imangokhalira giya yotsika ulendo wonse. Kenako alamu anatenga kagudumu kamodzi n'kukagubuduza pathabwa. Kanayenda gwede, gwede, n'kuima. Kanali katadyeka mbali imodzi mpaka kuphwatalala. Tonse 6 tinali choncho. Ndinakatola n'kukasisita ndi chala, ndipo mpaka lero ndimakasunga m'kathumba ka ndalama.

Lamba ndi timagudumu tinaitanitsa ku Cuamba, ndipo zinabwera pa galimoto yonyamula anthu, imene kuno timati chapa, patatha masiku anayi. Podikira, alamu anamasula pang'ono buleki yakumbuyo imene inkagwira tayala, n'kupopa matayala onse awiri. Zonse pamodzi, kuphatikizapo ya manja awo, sizinafike phindu la maulendo atatu a kunyanja.

Loweruka madzulo anamanga bawuti yomaliza, napukuta manja pansanza. "Valani chipewa, alamu, ndipo mugwiritse."

Ndinapotoza pang'ono chabe. Mota inanyamuka ngati mbuzi yoduka chingwe! Ndinachita kukuwa ndekha m'chipewamo. Nditatuluka m'tauni ndinamva chinthu chimene ndinali nditachiiwala: injini ikukhazikika pa kulira kumodzi, liwiro likungokwerabe, mphepo ikukupiza chitenje. Kamtunda kamchenga kaja ndinakakwera osatsitsa phazi, ndipo nditafika pamwamba ndinatembenuka n'kutsika kuti ndikakwerenso. Pobwerera pamtengo wa mango ndinaimba nthungululu mota isanaime, mpaka amayi ogulitsa tomato anaimirira kufunsa ngati kwabadwa mwana.

Tsopano botolo la petulo limandifikitsa kunyanja n'kutsalako. Kugombe ndimafika mabwato akungokocheza, ndimasankha ndekha matemba owala, osasweka mitu. Loweruka lililonse ndimamasula ndekha kabokosi kaja n'kugogoda sefa, ndipo petulo ndimathira kudzera pakansalu koyera.

Lachiwiri lija ku Entre Lagos, sitima ya malasha yochokera ku Moatize inadutsa kuchokera ku Nayuchi kulowera ku Nacala, mabogi ake osatha kuwerenga. Masiku a m'mbuyomu ndinkaimvera kutali ndili m'njira. Ulendo uno inandipeza nditayala kale, dengu limodzi litatsala theka. Mnzanga uja anadikira phokoso lithe, kenako anandikoka dzanja.

"Njinga ya bambo a kwathu nayonso ikufuka utsi wakuda. Alamu anuwo amapezeka pati?"

"Kuseri kwa msika wa Insaca, pamtengo wa mango," ndinatero. "Auzeni apite m'mawa, injini isanatenthe."