Voti ikachoka pa Kalomwe, imafika bwanji ku Maputo?

Chiyambire zisankho za zipani zambiri mu Okutobala 1994, dziko la Mozambique lasankha pulezidenti kasanu ndi kawiri, ndipo maulendo onsewo wopambana wakhala wa Frelimo. Zasintha ndi nkhope zokha: Joaquim Chissano, Armando Guebuza, Filipe Nyusi, tsopano Daniel Chapo. Ku Russia, komwe nkhani ya mtsogoleri wosagwedezeka imatchuka kwambiri, mphamvu zili m'manja mwa munthu mmodzi, Vladimir Putin, yemwe mu Malichi 2024 adapatsidwa maperesenti 87 a mavoti, atatu opikisana naye n'kugawana nyenyeswa. Kwathu kuno chokhala pampando ndi chipani, ndipo chakhalapo kuyambira pa 25 Juni 1975. Tsono mlimi wa mbatata wa pa Kalomwe, m'boma la Angónia, akafunsa kuti kuvota kuli ndi phindu lanji, sayenera kuyankhidwa ndi nyimbo za kampeni kapena chitenje cha chipani. Ayenera kuuzidwa mmene chisankho chimayendera, poti tsiku loima pamzere lija ndi kachigawo chabe ka ulendo wodutsa zipata zingapo. Pa zipata zonsezo, chimodzi chokha ndicho chimene munthu wamba angaimepo n'kuona ndi maso ake, ndipo ndi pepala la zotsatira, edital, limene amalimata pakhomo pa chipinda chovoteramo usiku wa chisankho.

Malamulo pawokha sakuoneka oipa. Wofuna upulezidenti akhale mbadwa ya dziko lino, wa zaka zosachepera 35, ndipo apeze anthu 10,000 olembetsa m'kaundula wa ovota omusainira, masiginecha awo atatsimikizidwa mwalamulo. Mapepalawo amawaunika ndi Conselho Constitucional, bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko, lomwenso limalengeza zotsatira zomaliza. Wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka, apo ayi awiri otsogola abwerezanso, ngakhale kuti kubwereza kumeneku sikudachitikepo. Pulezidenti saloledwa kuima kachitatu motsatizana, ndipo lamulo limeneli lakhala likutsatidwa, pomwe ku Russia adasintha malamulo mu 2020 kuti zaka zimene Putin adalamula kale zisawerengedwe. Mpaka apa zonse zili bwino. Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyerere za chisankho zimayamba kuoneka pa kalembera.

Ku Mozambique chiphaso chovotera sichikhala cha muyaya. Zisankho zikayandikira, bungwe la STAE, lomwe ndi manja ndi miyendo ya bungwe lalikulu la zisankho la CNE, limatumiza magulu olemba anthu mwatsopano, ndipo pafupifupi mipando yonse 250 ya ku nyumba ya malamulo ya Assembleia da República imagawidwa ku zigawo potengera kuchuluka kwa olembetsa. Chigawo cholembetsa ambiri chimatenga aphungu ambiri. Mu 2019 m'chigawo cha Gaza, kuchimake kwa Frelimo, adalemba anthu pafupifupi 300,000 kuposa amene bungwe la boma lowerenga anthu, INE, lidati ndi a msinkhu wovota kumeneko, ndipo mkulu wa INE, Rosário Fernandes, adatula pansi udindo mkangano uli m'kati. Nthawi yomweyo owona zisankho ankadandaula kuti ku Zambézia, komwe otsutsa ali ndi mphamvu, makina olembera ankangofa, anthu n'kumabwerera kwawo osalembedwa. Kwa anthu a m'malire nkhaniyi ndi yaikulu. Ambiri a zaka makumi atatu ndi makumi anayi a ku Angónia adabadwira ku Dedza kapena ku Ntcheu makolo awo atathawa nkhondo, ndipo ena zitupa zawo sizili bwino mpaka lero. Lamulo limalola wopanda chitupa kulembetsa mwa umboni wa anthu awiri olembetsa kale pamalopo, kapena wa mfumu kaya mtsogoleri wa mpingo. Wosadziwa zimenezi akabwezedwa amangopita kudimba, voti yake yathera pompo miyezi ingapo chisankho chisanafike.

Chipata chachiwiri ndi choti ndani aloledwe kuima. Apa Russia ndi mphunzitsi wa kutseka. Alexei Navalny adaletsedwa kuima mu 2018 ndipo adamwalira m'ndende pa 16 Febuluwale 2024. Boris Nadezhdin, yemwe ankatsutsa nkhondo ya ku Ukraine, ankafunika masiginecha 100,000. Anthu adaima m'mizere m'chisanu kumusainira, koma bungwe la zisankho lidati oposa 9,000 mwa amene lidawaunika ndi olakwika, basi n'kumuchotsa. Otsala pa pepala, Nikolai Kharitonov, Vladislav Davankov ndi Leonid Slutsky, palibe amene ankalimbana ndi Putin molunjika. Kwathu chipata chimenechi amachichepetsa koma sachitseka. Mu 2009 CNE idalola MDM ya Daviz Simango kupikisana pa mipando ya aphungu m'madera anayi okha mwa 13, ponena kuti mapepala sadakwane. Mu 2024 idakana mgwirizano wa CAD womwe unkachirikiza Venâncio Mondlane, ndipo iye adachita kutsamira pa chipani cha Podemos. Komabe dzina lake lidali pa pepala lovotera, monga la Afonso Dhlakama wa Renamo lidakhalirapo kasanu. Opikisana ndi Frelimo ndi enieni, ndipo n'chifukwa chake nkhondo yeniyeni imakhala pa kuwerenga.

Nanga wowerengayo ndani? CNE imene idayendetsa chisankho cha 2024 idali ndi anthu 17: asanu osankhidwa ndi Frelimo, anayi ndi Renamo, mmodzi ndi MDM, ndi asanu ndi awiri ochokera ku mabungwe omwe si a boma, wapampando wake ali Bishopu Carlos Matsinhe wa mpingo wa Anglican. Powerenga ndi zala chipani cholamula chikuoneka chochepa, koma poti andale ndiwo amasefa maina a ochokera ku mabungwe aja, pa mavoti ofunika mbali ya Frelimo ndiyo imachuluka. Conselho Constitucional ili ndi oweruza asanu ndi awiri: wapampando amasankhidwa ndi pulezidenti wa dziko, asanu ndi aphungu molingana ndi kukula kwa zipani, mmodzi ndi bungwe la oweruza. Kunena mosapsatira, wosewera mmodzi ndiye amasankha ambiri mwa oyimbira mpirawo.

Tsopano tilowe m'kalasi ya pasukulu ya pulayimale momwe muli mesa, tebulo lovoterapo. Wovota amaonetsa chiphaso, dzina lake n'kulipeza m'kaundula, amalandira mapepala atatu, la pulezidenti, la aphungu ndi la nyumba ya malamulo ya chigawo, amaponya lililonse m'bokosi lake, chala n'kuchiviika mu inki. Nthawi ya 6 koloko madzulo ikakwana ndipo mzere watha, mabokosi amatsegulidwa pompo, osanyamulidwa kupita kwina. Wapampando wa mesa amatambasula pepala limodzi limodzi, kulikweza m'mwamba, kutchula dzina mokweza, wina n'kumalemba timizere pabolodi, mapepala akuunjikidwa milu pansi, nthawi zambiri ndi kuwala kwa nyali chifukwa usiku wapita. Oimira zipani, amene anthu amangowatchula kuti adelegado, ali ndi ufulu woyang'ana pepala lililonse, wolemba dandaulo, ndi wolandira kope yosainidwa ndi kudindidwa ya zotsatirazo. Kubera kwa pamalo pano ndi kwa m'manja ndipo kumadziwika: kuponya mapepala angapo nthawi imodzi, kapena wowerenga kudinda chala cha inki pa voti ya wotsutsa kuti ioneke ngati munthu adasankha awiri, iwonongeke. Zonsezi zimavuta kuchita ngati pali maso ogalamuka. Pomaliza edital imamatidwa panja kuti aliyense aiwerenge, ndipo wosakhutira ali ndi maola 48 okha okadandaula ku khoti la m'boma lake, kwa anthu a ku Kalomwe ndiye ku Ulóngwe.

Kuchoka pamenepo voti imalowa mumdima. Manambala amakaphatikizidwa kuboma, kenako ku Tete, kenako ku Maputo, ndipo mu 2024 CNE sidatulutse zotsatira za mesa iliyonse payokha kuti munthu afananize ndi zimene zidamatidwa pakhomo. Taonani za 2024. Anthu adavota pa 9 Okutobala. Pa 24 Okutobala CNE idati Chapo wapeza maperesenti pafupifupi 71, Mondlane 20, ndipo Frelimo yatenga mipando 195. Pa 23 Disembala Conselho Constitucional, motsogozedwa ndi Lúcia Ribeiro, idati ayi, Chapo wapeza 65, Mondlane 24, mipando ya Frelimo ndi 171, ya Podemos 43, ya Renamo 28, ya MDM 8. Mipando 24 idasamuka, koma anthu sadaonetsedwe kuti ndi ma edital ati, a sukulu ziti, amene adasintha masamuwo. Padalinso chodabwitsa china chimene ngakhale mwana wa sukulu angachione: pafupifupi kulikonse wovota amalandira mapepala atatu, choncho mabokosi atatuwo ayenera kufanana kuchuluka, koma m'zigawo zingapo manambala adasiyana kwambiri, mpaka bwalolo lidalamula CNE kuti ifotokoze. Pamapeto pake lidavomereza kuti zolakwika zidalipo, n'kunena kuti sizidasinthe wopambana.

Wina anena kuti zonsezi ndi kulira kwa ogonja, Frelimo ili ndi anthu ake. Zoona ili nawo, ndipo wokana zimenezi akudzinamiza. Ndi chipani chimene chidabweretsa ufulu, chili ndi nthambi m'mudzi uliwonse, ndipo kum'mwera kwa dziko ambiri sadaiwale zimene Renamo idachita pa nkhondo ya zaka 16. Otsutsa nawonso amadzipweteka okha. Renamo idafooka Dhlakama atamwalira pa 3 Meyi 2018, moti womulowa m'malo, Ossufo Momade, adatsika kuchoka pa maperesenti pafupifupi 22 mu 2019 kufika pa osakwana 7 mu 2024, ndipo pa chisankhocho otsutsa atatu adaima payekhapayekha. Kawirikawiri amalephera ngakhale kuika delegado pa mesa iliyonse. N'kutheka ndithu kuti zisankho zina Frelimo ikadapambana popanda chinyengo chilichonse. Koma mfundo imeneyi ikulimbitsa nkhani ya edital m'malo moifooketsa. Wopambana mwachilungamo sataya kanthu potulutsa zotsatira za mesa iliyonse. Amapindula, chifukwa wotsutsa amasowa chonena. Pakhalanso zaka zimene mpikisano udali wa pafupi kwambiri moti kachinyengo kakang'ono kakadatha kusintha zonse. Mu 1999 Chissano adapeza maperesenti 52, Dhlakama pafupifupi 48, ma edital ambiri atasiyidwa osawerengedwa, ndipo pempho loti awerengenso lidakanidwa. Chaka chimenecho Angónia idavotera kwambiri Renamo, ndipo m'chigawo chonse cha Tete chipanicho chidaposa Frelimo. Zaka makumi awiri pambuyo pake, mu 2019, Frelimo idalengezedwa kuti yapambana m'zigawo zonse. Mwina anthu adasinthadi maganizo. Popanda mapepala a mesa, palibe mbali imene ingatsimikize zonena zake.

Wina, wokwiya kwambiri, anena kuti ndiye kuvota n'kutaya nthawi, mphamvu ili mumsewu. Msewu tauona mtengo wake. Elvino Dias, loya wa Mondlane, ndi Paulo Guambe wa Podemos adawomberedwa m'galimoto ku Maputo pa 19 Okutobala 2024, ndipo m'zionetsero za miyezi yotsatira bungwe la Plataforma Decide lidawerenga anthu oposa 300 ophedwa, ambiri ndi zipolopolo za apolisi. Chapo adalumbiritsidwabe pa 15 Januwale 2025. Yankho labwino lili kutsidya kwa malire, ku Dedza komwe anthu a pa Kalomwe amapita kumsika. Chisankho cha ku Malawi cha pa 21 Meyi 2019 chidathetsedwa ndi khoti pa 3 Febuluwale 2020, ndipo pobwereza pa 23 Juni Lazarus Chakwera adagonjetsa Peter Mutharika ali pampando. Mu Sepitembala 2025 Mutharika naye adagonjetsa Chakwera ali pampando. Ku Malawi nako zionetsero zidachitika, koma chimene oweruza asanu a khoti la 2020 lija adagwira m'manja ndi mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex, amene adafananizidwa ndi makope a mamonitala a zipani. N'zoona kuti oweruza a ku Malawi sasankhidwa ngati a Conselho Constitucional, ndipo edital yokha singapatse woweruza mtima wolimba. Komabe woweruza wolimba mtima wopanda umboni alibe pogwira, pomwe umboni wochuluka umapanikiza ngakhale bwalo lokondera. N'zovuta kukhulupirira kuti mipando 24 ija ikadasamuka pakadapanda makope amene adelegado ndi owona zisankho adasunga.

Zokambirana zokonzanso malamulo a zisankho zidayamba ndi pangano limene Chapo adasainirana ndi zipani pa 5 Malichi 2025, ndipo chofunika kuchiumirira kumeneko ndi chosavuta kumva: CNE ikakamizidwe ndi lamulo kuika pa intaneti edital ya mesa iliyonse, ndipo aliyense wosintha nambala, kaya kuboma, ku Tete kapena ku Maputo, alembe chifukwa chake poyera. Zisankho za m'matauni, kuphatikizapo Ulóngwe, zikuyembekezeka mu 2028, za pulezidenti ndi aphungu mu 2029. Inu a ku Kalomwe, Domwe ndi Lifidzi, kalembera akadzayamba kalembetseni masiku oyambirira, makina asanayambe kufa. Amene mumadziwa kuwerenga, dziperekeni ku chipani chimene mukuchifuna, kaya ndi Frelimo yomwe, mukakhale adelegado, ndipo musadzatuluke m'kalasimo musanalandire kope yanu yosainidwa. Enanu, edital ikadzamatidwa pakhomo, kaijambuleni ndi foni usiku womwewo.